Mfundo Iyi Ndikuidziwa

Tinalawira mame asanaume,
ine ndi Chikakuda, mfuti paphewa,
kutsata Lingadzi kumene udzu umafika m'khwapa.
Ku damu la Lifupa atsekwe anali atayamba kale mkangano wawo,
mvuu ikuwayankha mwaulesi.

Ntchito ya lero inali yadzulo yomwe:
kuzula makhwekhwe.
Khumi ndi atatu dzuwa lisanafike paliwombo.
Waya wa buleki ya njinga,
waya wa mpanda womwe uja wotchinga njovu,
wina wadzimbiri, sindikudziwa anautola kuti.

Lakhumi ndi chinayi linali litagwira.
Mphoyo yaikazi, khosi litatupa,
nthaka yozungulira italimidwa ndi ziboda
ngati wina amafuna kudzalapo mtedza.
Bere linali lodzaza mkaka. Mwana sitinamuone.

Ndinagwada kuti ndimasule.
Zala zitafika pa mfundo zinaima zokha.
Kupota kawiri chakumanzere, kubwerera,
nsonga n'kuipinda ngati mbedza.
Ku Linyangwa konse omanga chonchi tinali atatu:
bambo, amene agona kumsitu chaka chachisanu tsopano,
ine,
ndi Lufeyo amene ndinamutsatira pa bere.

Lufeyo amene fodya wake anabwerera ku okushoni,
amene njovu zinamukololera chimanga usiku umodzi wa Malichi
n'kumusiyira ndowe ndi mapesi.
Mwana wake Etelesi wasankhidwa kupita ku sekondale,
ndipo ine bambo wake wamng'ono, wa yunifolomu ndi jombo za boma,
ndinatumiza sopo yekha.

"Waona chiyani?" anafunsa Chikakuda, cholembera ataluma.
"Waya," ndinatero.
Analemba m'kabuku: waya.

Madzulo ano ndakhala pakhonde ku kampu,
khwekhwe lili m'thumba la buluku, likundibaya ntchafu.
Loweruka ndipalasa njinga kupita kumudzi.
Kaya ndikaliika pa mphasa pakati pathu osanena kanthu,
kaya ndikangomufunsa za mvula
ndi mtengo wa feteleza,
sindinaganize.
Chomwe ndikudziwa n'chakuti alamu akadzabwera ndi ndiwo
ndidzayamba ndasuzumira m'mbale,
iye adzandiona ndikusuzumira,
ndipo tonse tidzasamba m'manja.

Kutsidya kwa dambo kanthu kakulira,
mawu aang'ono, kuleka, kuyambanso,
kusunthira chakumtsinje kumene tinali m'mawa.
Chikakuda akuti ndi mbalame.