Zipolopolo Zisanu

Sikisi koloko madzulo ndimasainira mfuti ku Graniteside.
Kapitawo amawerengera zipolopolo zisanu m'dzanja langa
ngati akundipatsa chenji.
Kukacha ndimabweza zisanu zomwezo.
Zaka khumi ndi zinayi, palibe chinasowapo.

Kenako ndimasukusula pampopi wa kuseri,
jekete ya kampani m'jumbo,
n'kukaima pa Copacabana pomwe makombi amalavula anthu.
Ndimalalikira m'Chishona chothyokathyoka
chimene ana a ku Mufakose amaseka,
ndipo mawu akandithera ndimagwera m'chinenero cha bambo anga
amene anabwera wapansi kuchokera ku Dedza
n'kugona kuno ali mtchona.

Palibe anandigwirapo pakamwa.
Kumanzere kuli mpositoli wa mkanjo woyera ndi ndodo yake,
kumanja Che Ajusa ndi machaja awo a foni.
Lachisanu amandisiyira katundu akamapita ku mzikiti.
A khonsolo akabwera amathamangitsa tomato, ine amandilambalala.
Ufulu umenewu ndimangoudya, mtengo wake sindinafunsepo.

Ndiye mu Juni mbava zinalowa m'tchalitchi chathu ku Mbare.
Zinanyamula sipika, batire la sola, chopereka cha masika,
n'kuthyola nthiti ziwiri za a Binwelo Kaduya
amene amagona pakhonde kulondera nyumba ya Mulungu ndi wezulo.

Pamsonkhano wa akulu a mpingo
a Chidzanja anamenya tebulo:
mbusa wopanda chibonga amawetera afisi!
Tikapemphe chilolezo kupolisi, tigule yathu.
Mayi Nachisale anafunsa chapansipansi
kuti tizikaisunga pati,
kunsi kwa guwa kapena m'kabati ya zikho za Mgonero?
Onse anacheukira kwa ine
poti ndine ndimadziwa kulemera kwake.

Ndinangoti imalemera ngati khanda la sabata imodzi.

Sindinawauze za usiku wina wa mvula,
mnyamata ali pamwamba pa mpanda, waya wa kopa paphewa,
chala changa chitapeza kale malo ake.
Tochi inamugwira nkhope
ndipo ndinamudziwa.
Dzana lake anaima pa Copacabana
kundimvera mpaka pa Ameni,
n'kundipempha dola ya kombi, ine n'kumumana.
Tinayang'anana, mvula ikulowa m'khosi.
Analumphira kunja ndi waya wake yemwe.
Kapitawo anandidula malipiro a masiku asanu ndi atatu.

Nkhani ya mfuti aiimika kaye mpaka mwezi wamawa.
A Binwelo akupumabe mokoka,
akaseka amagwira m'mbali,
ndipo ine sindingawauze kuti nthiti zawo n'zotchipa.
A Chidzanja sanalakwe kukwiya.
Koma sanaonepo nkhope ya munthu kumapeto kwa mpope wachitsulo.

Madzulo ano ndikasainanso.
Pemphero langa lafupika masiku ano,
la pamsewu lija ndi lalitali, la anthu.
La m'kanyumba ka pageti ndi ili lokha:
zisanu, Ambuye,
kukacha zikhale zisanu.