Zitseko za M'foni

Magetsi athawa pa seveni, monga dzulo.
Ndakhala pakhonde pano ku Chilenje, foni m'manja,
batire yatsala pang'ono ngati sopo wa kumapeto kwa mwezi.

Masana ano kushopu kwanga ku Kamwala
kunabwera bambo wa jekete lotuwa.
Sanafunse mtengo wa diresi, sanagwire chitenje.
Anangoti, "Tiyese wakula, eti?
Yunifomu yobiriwira ija imamukhala."
Singano inandibaya, osamva kuwawa.
Ine sindimudziwa munthuyo.
Iye akudziwa dzina la mwana wanga.

Ndachipeza chithunzicho.
Diresi la ukwati nditalipachika pa mtengo wa gwafa,
lesi ikuwala ndi dzuwa la m'mawa.
Kumbuyo kwake, kuli ndi malo amene sindinayang'ane:
Tiyese akumanga nsapato,
baji ya sukulu pachifuwa,
nambala ya nyumba yolembedwa ndi penti pakhoma.
Anthu mazana anayi anachikonda.
Ndinawawerenga tsiku lija ngati ndalama.

Foni ikundifunsa: ndani aone zimenezi?
Yankho lilipo kale, ndinaliika ndekha: aliyense.
Aliyense!
Ndinkafuna Lusaka yense alowe,
ndipo analowadi, mpaka kuchipinda.

Ndayamba kutseka.
Choyamba kadontho kaja koulula pomwe ndili,
kamene kakhala kakukuwa ngati kondakitala wa minibasi:
Chilenje! Chilenje! Ali pano mayi wa madiresi!
Khala chete, iwe.

Kenaka mayina a oyendetsa tsamba.
Langa lilipo. Pansi pake, Lakisoni.
Lakisoni amene ndinamuchotsa ntchito mu Epulo
mita zisanu za satini zitamera miyendo.
Loko wa pashopu ndinasintha tsiku lomwelo,
ndinagula wa chitsulo chokhuthala ku Soweto,
koma kiyi uyu wakhala m'thumba mwake miyezi isanu ndi umodzi,
akuwerenga miyeso ya m'chiuno ya akazi a eni ake.
Tuluka, Lakisoni.

Mawu achinsinsi nawo, ndikuchita manyazi:
dzina la mwana ndi chaka chake chobadwa.
Ndaika ena, oti ngakhale ine mawa andivuta,
ndauzanso foni kuti wogogoda aliyense
adikire nambala ibwere kaye pa meseji.

Chala chafuna kutseka zonse. Ndachigwira.
Lendi ya Kamwala sidziwa mantha anga.
Akwati a Disembala ayenera kundipeza,
wogulitsa wobisala amavala yekha katundu wake.
Nambala ya shopu ikhale poyera,
mitengo ikhale poyera, maola otsegulira, mtundu wa nsalu.
Koma tsiku lobadwa la Tiyese,
maliro a achimwene ku Katete,
ine ndikuvina pa kicheni pate duku litagwa,
izi zibwerere m'nyumba.
Msika ndi msika. Pakhomo ndi pakhomo.

Anzanga, akuti, ndi zikwi zitatu.
Ndikuwatsitsa mmodzimmodzi ngati mapini m'nsalu.
Uyu wa chithunzi cha galimoto, pita.
Uyu wopanda nkhope, pita.
Ndafika pa Mayi Nyirongo,
amene anandisoketsa yunifomu ya kwaya chaka chatha
nagona asanaivale kawiri.
Akumwetulirabe pakabwalo kawo kakang'ono.
Inu khalani, mayi. Simuuza munthu.

Chithunzi cha pa gwafa ndafufuta.
Ndikudziwa, madzi akatayika saoleka,
mwina chili kale m'foni ya jekete lotuwa.

Foni yaphethira, yazima.
M'nyumba Tiyese watsokomola n'kutembenuka.
Ndanyamuka mumdima, ndapapasa geti,
ndagwedeza loko kawiri, ngakhale ndinakhoma ndekha.

Mawa kuli diresi la buluu la Mayi Zelipa.
Ndilijambulira kushopu,
pakhoma loyera lija lopanda kalendala,
ndipo ndisanadine, ndiyang'ana kaye m'makona.