Kona Yachitatu

Bambo amati bwaloli linabadwa ndi mkangano:
amakanika awiri a ku Luwinga, mowa uli m'mutu,
aliyense akulumbira kuti Datsun yake ndi mphepo.
Kutacha anatenga makasu, kuseri kwa Lusangazi,
nalambula njira yodziluma mchira.

Loweruka fumbi lofiira linkapitirira mapaini.
Magalimoto opanda magalasi, zitseko zowotcherera,
manambala olembedwa ndi penti wotsala.
Bambo, a Yotamu Harawa, ankaima pa kona yachitatu
ndi mbendera yosoketsa kwa telala wa ku Chiputula.
Ine ndili paphewa pa amalume,
zala m'makutu, mano ofiira.

Kenako petulo anasowa.
Wina anagubuduka, osadzukanso bwino.
Ena anatsikira ku Joni, ena ku manda a ku Zolozolo.
Palibe anatseka bwalolo. Linangotsala
ngati ambulera yoiwalika pamaliro
imene mwini wake achita manyazi kukaifunsa.

Oumba njerwa anadya mbali ya kum'mawa.
Ophunzira kuyendetsa anagundamo zitsa.
Mpingo wina unachezerapo usiku, kusala kudya.
Nsenjere zinakhala pamene tinkakhala ife,
ndipo NyaChavula anaunda mizere ya mbatata
pa kona yachitatu penipeni.

Chaka chatha tinabwerera, ife ana a m'magalaja,
ndi zikwanje, mawilibala, giledala yobwereka yotha mano.
Tinafukula matayala akale,
m'kati muli madzi a mvula ndi achule.
NyaChavula anaima kutsogolo kwa giledala, khasu paphewa:
"Liwiro lanulo, amadya?"
Tinazimitsa injini.
Miyezi itatu tinadikira mbatata,
tinakumba nawo, tinanyamula nawo.

Titasalaza ndinakatenga bambo.
Maso awo anachita ng'ala, koma mapazi ayi.
Anavula nsapato, nayenda pang'onopang'ono,
dzanja lawo pa chigongono changa.
Kona yoyamba, chete. Yachiwiri, chete.
Pa yachitatu anaima.
"Apa mwanama.
Panali popendekeka, kuti galimoto izitsamira
ngati mwana wogona kumsana."
Tinathiranso dothi masabata awiri,
anzanga akunditukwana chamumtima.

Tsiku lotsegula, mvula ya ku Mzuzu
yosafunsa mwezi ija inangoti waa!
Fumbi lomwe tinalonjeza anthu silinabwere.
Magalimoto anayi okha, imodzi yochita kukankha.
Yanga nambala naini, mpando umodzi, lamba wa pa kaunjika.

Pa kona yachitatu matope anandikoka,
dothi lija linandigwira m'nthiti, nkundibweza.
Ndinangoona chinsalu chodyedwa ndi njenjete
chikuweyulidwa kolakwika, kuloza ku mapaini.

Ndinathera wachitatu.
Ndinapeza bambo atakhala pa tayala,
akusenda mbatata yootcha ya NyaChavula,
amene tsopano akugulitsa pamenepo, mtengo wokwera.
Ndinadikira mawu.
Anapepeza mbatatayo, natafuna, nati:
"Towera, pulagi imodzi ikudumpha.
Ndaimva kuchokera uko."