Loweruka la Sikelo

Loweruka lililonse kuno ku Chinguluwe
ndimabwereka sikelo kwa Lufeyo wogula thonje.
Ndiikoloweka pa nthambi ya mango,
kankhumba m'thumba, kakulira ngati kaona mpeni.
Muvi unjenjemera, uima.
Ndilemba m'kope lotsala la mwana wanga.

Ana asanu ndi atatu, mimba imodzi, makola awiri.
A kum'mawa ndimawathirira soya wokazinga wambiri m'gaga,
ndalama zikudontha ngati madzi m'dengu.
A kumadzulo soya wapang'ono, madeya a mpunga,
ndi supuni ya ufa wotuwa
umene adandisiyira alangizi, Mayi Chimtengo.
Ati muli tizilombo tamoyo, tabwino,
tokamanga mudzi m'matumbo n'kumathandiza kugaya.

Amuna anga adaseka mpaka kutsamwa.
"Esinala, chibadwire timaphitsa madzi kupha tizilombo,
lero iwe ukugula tomweto ndi ndalama za mtedza?"
Ndidangokhala chete.
Nanga chambiko chimene amachikonda chija,
amayesa chimasasa ndi mapemphero?

Sabata yachitatu a kum'mawa adatsogola,
misana yotakata, nkhongo zonenepa,
koma khola lawo limaluma m'maso,
ndowe zamadzi, ntchentche zikuchita msonkhano.
Kumadzulo kudali phee.
Ngakhale Kamtsalira, uja wobadwa ngati mbewa,
adasiya kutsegula m'mimba,
adayamba kukankha anzake pa chodyera.

Dzulo, sabata yachisanu ndi chinayi,
muvi wanena zake:
a kum'mawa akadali patsogolo,
koma ndi kilo imodzi ndi theka basi.
Ndawerenga matumba a soya amene adameza.
Ndawerenganso.
Kilo imeneyo ndaigula pa mtengo wa mbuzi.

Sindikunena kuti ndapeza mankhwala.
Ufa si nyemba; wopanda zomanga thupi sakula,
ngakhale umuthirire chitini chonse.
Ndipo chigodola chikabwera ndi njinga za ogula,
sichifunsa kuti m'mimba muli ndani.

Koma m'mawa uno ndawapeza amuna anga kuseri kwa nkhokwe,
atsegula chitini, akununkhiza,
akuyang'anitsitsa ngati aona kanthu kakuyenda.
"Kodi," atero osandiyang'ana,
"nkhuku zanga zija sizingalaweko?"

Ndawapatsa theka la supuni
ndi tsamba limodzi la m'kope.
Sikelo akabwereke okha.