Dzanja Losadziwika

Zaka makumi anayi ndi zitatu ndazipukuta, mfuti ziwirizi,
Lachisanu lililonse, bwana Halamu akapita ku kalabu.
Zimagona m'bokosi la nsalu yobiriwira
mutu ndi miyendo, ngati ana pamphasa imodzi.
Zifupizifupi, zosakwana mkono,
tambala wachitsulo ataluma kamwala pakamwa,
kambale ka wonga kouma kuyambira kale agogo asanabadwe.

Bwana tinamuika m'manda mu Ogasiti.
Lero jakaranda wathothokera pakhonde la ku Highlands,
mwana wake wabwera ndi ndege, akumata timapepala
pa mipando, pa mawotchi, ngakhale pa mpando wanga wa kukhitchini.
Waitana Mayi Mudzingwa, odziwa mitengo ya zakale.
Magetsi kulibe. Ayatsa tochi ya pafoni,
avala magolovesi oyera, kagalasi padiso.

Yoyamba aitembenuza ngati mzamba ndi khanda.
Awerenga zidindo pampope: kachisoti, zilembo ziwiri zofufutika.
Akoka tambala, amvetsera: kha, kenako kha.
Agwedeza mutu. Alemba nambala yaitali.

Yachiwiri.
Ine ndaima ndi thireyi ya tiyi, makapu akugundana okha.

Chinali chaka chisanafike ufulu, bwana ali ku Kariba.
Inandipulumuka m'manja a sopo, simenti sinakhululuke,
chigwiriro chinang'ambika ngati chinangwa.
Ndinaikulunga m'thewera la mwana, ndinakwera basi ya ku Mbare
asilikali akusecha zikwama pamsewu,
mtima uli phaphapha, poti wakuda ndi mfuti masiku amenewo
sankafunsidwa kuti ndi ya chaka chanji.
Ku Magaba kunali Asani Mdoka wa ku Namwera,
wokhoma mabokosi a maliro ndi timipando ta ana asukulu.
Anaiyang'ana nthawi yaitali, osafunsa kanthu.
Masiku asanu ndi anayi anasema mwendo wa tebulo lakale,
nadetsa ndi masamba a tiyi, mwaye wa nyali, polishi wa nsapato,
nabaya timabowo ta anankafumbwe ndi singano yamoto.
Ndinamulipira njinga yanga.
Bwana anabwera, anaisisita zaka zonsezo pamaso pa alendo,
nkumati: onani ntchito ya ku London, kuno simungaipeze.

Mayi Mudzingwa achotsa kagalasi.
Ayandikiza chigwiriro kumphuno.
Sayang'ana mwana wa bwana, ayang'ana manja anga,
ndipo m'Chichewa chopindika, chotola kwa agogo awo a ku Mufakose,
anong'ona: Mlombwa uwu, sekuru. Ku London sumera.

Tiyi watayikira m'sosala.

Akuti mtengo watsika ndi theka.
Mwana wa bwana wapumira m'mwamba, watuluka kukaimba foni.
Iwo akulemba pakakhadi, ndikuwerenga chozondoka:
chigwiriro chinasinthidwa, dzanja losadziwika, laluso kwambiri.
Akuti akatswiri awiri anaiona kale, onse anapusa.
Akuti timabowo tokha ndi timene tamugwiritsa:
nankafumbwe weniweni sayenda mowongoka.

Asani anagona ku Mbudzi, wopanda mwala kumutu,
m'bokosi lokhoma wophunzira wake, lopotoka chivundikiro.
Kwawo ankati abwera Khirisimasi. Makhirisimasi anatha.

Ndakhala chete zaka zonsezi kuopa ntchito.
Ntchitoyo ili ndi kapepala kale, pamodzi ndi mpando.
Ndaika thireyi pansi.
Mayi, ndatero, dzanjalo likudziwika.
Andipatsa cholembera.
Zala zanga zodziwa nsanza ndi mafuta a makina
zalemba pang'onopang'ono, A wamkulu ngati denga la nyumba,
ndipo iwo adikira, tochi ili m'manja,
mpaka ndamaliza dzina la mudzi wake.