Chimbale Chopanda Mawu

Ndinachipeza pa msika wa Ver-o-Peso,
pakati pa maambulera othyoka ndi dengu la nkhanu,
chimbale chimene bambo anga anaimbamo,
chikuto chitadyedwa ndi chinyontho cha Belém.
Wogulitsa anatchula mtengo wa nsomba imodzi.
Sindinanenerere.

Pachikuto pali mkazi wovala zoyera, akuseka m'bwato.
Bambo sanamuonepo chibadwire.
Oimba anayiwo ali kuseri, m'timalemba tonga nyerere,
ndipo dzina la bambo analiphonya:
Dorivado, m'malo mwa Dorivaldo Quaresma.
Chilembo chimodzi chinagwera mumtsinje
ndipo palibe anachivuula.

Nyimbo khumi ndi ziwiri, mulibe pakamwa pa munthu.
Gitala ya Ozéias ndiyo ikulankhula,
ikuthamanga ngati mwana wotumidwa mvula ikubwera,
besi ya bambo ikutsata pambuyo
itasenza katundu yense, osadandaula.

Anajambula usiku umodzi wokha, Lachiwiri,
m'chipinda chokhomedwa makatoni a mazira,
fani atazimitsa kuti isalowerere.
Thukuta linkadontha m'zigongono,
zala zikuterera pa zingwe.
Malipiro ake anagula firiji yogwirapo kale ntchito
imene inang'ung'udza m'khitchini mwathu zaka khumi ndi zisanu,
nayonso nyimbo yopanda mawu.

Mayi ankati, bambo ako anakwatira zingwe zinayi,
ine ndinangolowa mitala.
Ankanena akuseka, nthawi zina osaseka.

Chimbalecho chinavinitsa maboti opita ku Cametá,
chinachezetsa mabala a ku Jurunas mpaka tambala.
Nyimbo yachitatu mzinda wonse unkaiimba ndi mluzu,
onyamula madengu pa doko, apolisi, ana obwera kusukulu.
Koma akakumana ndi bambo m'basi,
manja ali bii ndi girizi wa injini za maboti,
ankangowauza kuti sunthani pang'ono, achikulire.

Ozéias anapita ku São Paulo
kukaima kumbuyo kwa oimba ovala zonyezimira,
makalata ake anafupika, kenako anatha.
Nazareno wa ng'oma analowa tchalitchi,
anagulitsa zonse, nasunga timitengo tiwiri pansi pa matiresi.
Iracema wa limba akadaimbabe pa maukwati,
zala zotupa, ndipo sakana akamupatsa mpando.
Nditamuonetsa chikuto anachinunkhiza kaye
asanawerenge.

Bambo sanali munthu wa nkhani.
Pa tebulo ankagogoda ndi chala chapakati,
tikafunsa kanthu ankayankha ndi chibwano.
Ndinakula ndikuganiza kuti alibe chotiuza.
Tinawaika m'manda mwezi wa mvula yambiri,
besi tinagulitsa kuti tilipire chipatala.

Usiku uno ndabwereka galamafoni kwa aneba.
Singano ikuyenda mumzere wake, ikutafuna fumbi,
mvula ikumenya malata ngati ikufuna kulowa m'gulu.
Mbali yoyamba yatha. Ndatembenuza.

Nyimbo yachinayi isanayambe,
pamene Nazareno akuwerenga ndi timitengo,
pakumveka munthu akutsokomola kamodzi, chapatali,
kenako kukonza kukhosi.

Ndikuchidziwa chifuwa chimenecho.
Chinkandidzutsa mbandakucha akamasaka nsapato mumdima.
Wojambula anaiwala kuchidula,
kapena tepi inali itatsala pang'ono.

Ndanyamula singano.
Ndaibweza pambuyo pang'ono, dzanja likunjenjemera,
ndaphonya, ndagwera pakati pa gitala ya Ozéias.
Ndabwezanso.
Mwana wanga wafunsa ali kuchipinda,
kodi nyimboyo iyamba liti?