Dzuwa Lobwera Chammbali

Pachilumba cha Hiddensee salola magalimoto,
choncho ndinafika pa njinga,
kamera ikugunda pachifuwa ngati mtima wachiwiri.
Kuseri kwa zitunda za mchenga kuli chikwangwani chosuluka,
ndipo aliyense kuno amadziwa zimene chimanena:
kuyambira pano, zovala zimatsala m'dengu.

Eckhard, woyang'anira gombe, atavala chipewa chokha basi,
anandiyeza ndi maso kuyambira kunsapato mpaka kukolala.
"Sungajambule anthu ovula iwe uli m'jekete," anatero.
"Ukhala mlenje pakati pa agwape."
Ndinavula.
Mphepo ya Baltic inandiwerenga nthiti imodziimodzi,
tsembwe n'kumera thupi lonse,
lamba wa kamera n'kutsala chovala changa chokha.

Amene anandiitana ndi Hannelore,
mphunzitsi wa masamu wopuma pantchito,
zaka makumi asanu ndi awiri, kuphatikiza chimodzi.
Kalata yake inali ya mizere iwiri:
Bwera m'mamawa, dzuwa lisanakwiye.
Usandikongoletse.

Bere lakumanzere analisiya kuchipatala cha ku Stralsund.
Pamalo pake pali mzere wotuwa, wopendekeka pang'ono,
ngati choko chokolekera pa bolodi
belu litalira phunziro lisanathe.

Dzuwa la masana ndi wapolisi,
limaunika khwinya lililonse n'kulifunsa mafunso.
La m'mawa limabwera chammbali,
limaodira kaye pakhomo pa khungu,
limakhala pansi, silifunsa kanthu.
Ndi limenelo tinkalidikira.

Ndinamuimika pafupi ndi mizati yakuda yotchinga mafunde,
imene imaloŵa m'nyanja mondondozana ngati anthu opita kumaliro.
Nyanja ndinaitsitsa, thambo ndinalipatsa malo ambiri.
"Wandiika pa gawo limodzi mwa magawo atatu," anaseka.
"Ana anga ankadana nawo masamu amenewo."

Kenaka mtambo.
Unabwera kuchokera ku Denmark, waulesi, wonenepa,
n'kukhala pa dzuwa ngati nkhuku pa mazira.
Mphindi makumi anayi.
Tinamwa tiyi wa m'fulasiki, tinagawana buledi ndi tchizi.
Chapatali, Jörn ndi mkazi wake ankaponyerana mpira,
mimba zawo zikugwedezeka popanda kupepesa.
Bambo wina wa nyuzipepala anakweza dzanja, kupukusa mutu,
ine n'kutembenuza diso la kamera kuloza kumchenga.
Kuno ayi ndi ayi, safuna chifukwa.

Ndinali nditakonza zonse:
chibwano m'mwamba, dzanja pa mzati, maso kunyanja.
Koma mtambo utang'ambika
mbalame ya m'nyanja inatsika mwa chiwembu
n'kutsomphola buledi m'dzanja la Hannelore.
Anakuwa, anatukwana, anatembenuka thupi lonse,
tsitsi la imvi lili yangayanga,
mkono uli m'mwamba,
kuwala n'kutsetsereka paphewa,
kudutsa pachipsera ngati chala choŵerenga mzere wa m'buku,
kukagwera pamchenga wonyowa.

Khetye.

Chimenecho ndicho chithunzi.
Nyanja yapendekeka, phazi limodzi laduka,
malamulo onse a kusukulu yojambula agwa chagada,
koma mkazi yense alimo,
ndi mkwiyo wake, ndi chiseko chikubwera m'mbuyo mwake.

Anachiyang'ana nthawi yaitali, dzanja likutchinga kuwala.
"Ameneyu ndikumudziwa," anatero.
Kenaka anatambasula dzanja. "Bweretsa."
Anandivula lamba uja m'khosi,
ndipo apo m'pamene ndinakhala wamaliseche zenizeni,
ine amene ndabisala kuseri kwa galasi zaka makumi awiri,
manja osadziwa kokhala,
mimba nditaikokera m'kati ngati wakuba wobisa thumba.

"Puma, Wiebke," anatero. "Itulutse mimbayo.
Sunthira kumanzere pang'ono.
Ayi, usaseke. Dikira.
Dzuwa likubweranso."